Madzi Saiwala Khwawa

Atate ndi amayi a m'midzi ya Mwanza, mitambo yayambanso kusonkhana pamwamba pa mapiri a Thambani, ndipo makasu atuluka m'nyumba. Tisanatanganidwe ndi kubzala, tiyeni tikambirane za chenjezo la madzi osefukira: kumene lichokera, manja amene lidzeramo, ndi pamene lifera.

Mukumbukira namondwe Freddy wa mwezi wa Malichi 2023. Iye anabadwira kutali, kufupi ndi dziko la Australia, nayenda masabata asanu, nalowa kachiwiri m'dziko la Mozambique pafupi ndi Quelimane. Ndipo mvula yake inapha anthu oposa 600 m'chigawo chathu cha kummwera, ena ambiri osapezeka konse. Mwanza inali pakati pa maboma amene analengezedwa kuti agwa m'ngozi. Koma taonani, namondweyo sanafike mobisala. Anaoneka akali kutali, ndipo mbiri yake inatsogola.

Chenjezo liyenda motere. Pa chilumba cha Réunion pali akatswiri amene ntchito yawo ndiyo kulonda anamondwe a m'nyanja ya India. Iwo akaona, auza maiko onse a kuno. A nthambi yoona za nyengo ku Blantyre alandira mawuwo, nawerengera kumene mvula idzagwa ndi ukulu wake. A nthambi ya zamadzi ali ndi miyeso m'mitsinje, yosonyeza m'mene madzi akwerera. Tsono a DoDMA, ndiyo nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, asonkhanitsa zonsezi, natumiza kwa Bwana DC ndi komiti yake. Ndipo kuchokera pa boma mawu atsikira ku makomiti a kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati, kufikira pa bwalo la nyakwawa. Dongosolo ili silinadze lokha. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1991, madzi a m'phiri atawononga Phalombe chaka chomwecho, ndipo lamulo latsopano linalowa m'malo mwake mu 2023. Mutu umodzi susenza denga. Wodziwa mitambo sadziwa njira za m'mudzi, ndi wodziwa mudzi saona za pa nyanja.

Koma chingwe chiduka pamene paonda, ndipo tiyenera kuvomera kuti kawirikawiri chidukira kwa ife. Mwamuna amva pa wayilesi, nagona osauza mkazi wake. Mnyamata alandira uthenga pa lamya, naseka, osakumbukira agogo okhala okha kudambo. Mawu amene anaoloka nyanja afera pa khonde.

Palinso china chimene ife a Mwanza tisaiwale. Tikhala kumtunda, ndipo madzi athu sathera kuno. Mtsinje wa Mwanza utsikira ku Chikwawa, nukathira m'Shire. Mvula ikagwa usiku pa mapiri athu, abale athu a kuchigwa angathe kudzuka dzuwa likuwala, osadziwa kuti madzi ali panjira. Mitengo imene tidula kuotcha makala ndiyo inkagwira nthaka. Tsopano mchenga wadzaza mtsinje, ndipo madzi, posowa njira, alowa m'minda ndi m'nyumba. Kodi pa tsiku la chiweruzo tidzati sitinadziwe?

Chifukwa chake tipempha banja lililonse zinthu izi mvula isanakule. Dziwani a komiti ya m'mudzi mwanu, ndipo mukaona mtsinje ukwera msanga, auzeni pomwepo, kuti mawu athamange kutsogolo kwa madzi. Panganani lero malo okwera kumene mudzathawira. Mbewu, makadi a ubatizo ndi mabuku a kuchipatala muzimange m'pepala la pulasitiki, muzipachike kudenga. Mphakati uliwonse uwerenge okalamba, odwala ndi olumala ake, ndipo aliyense akhale ndi womunyamula. Chenjezo likadza Lamulungu, linenedwe m'tchalitchi Misa ikatha. Musaoloke mtsinje wodzala, ngakhale manachesi aolere m'dengu.

Ena ati, zonse zili m'manja mwa Mulungu. Nzoonadi, koma Nowa anakhoma chingalawa kumwamba kukali koyera, ndipo Yosefe anadzaza nkhokwe njala isanafike. Kumvera chenjezo si kuchepa kwa chikhulupiriro, ndipo kulipereka kwa mnzako ndi ntchito ya chifundo.

Ambuye atipatse mvula ya mtendere, ndipo Amayi Maria asunge mabanja anu onse.