"Ukudziwa bwanji?": funso losowa m'kalasi ya sayansi

Mwana wa sekondale ku Dedza, kapena mnzake wa ku Chipata, amatha kulemba pamtima kuti malungo amafalitsidwa ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles. Aphunzitsi amamchongera, ndipo amakhoza. Madzulo ake agogo akamuona ndi mango aawisi n'kumukalipira kuti adwala malungo, mwana yemweyo amataya mangowo ndi mantha enieni. M'mutu mwake muli mayankho awiri, lina la pamayeso, lina la pakhomo, ndipo onsewo anawalandira m'njira imodzi: wamkulu ananena. Chimene sukulu yachita n'kungosintha mwini mawu. Mwanayo sangathe kuteteza yankho la m'buku, ndipo sangathe kusonyeza pamene la agogo lalakwika.

Kumeneku n'kulephera kwa maphunziro a sayansi, ngakhale zotsatira za mayeso zitakoma chotani. Sayansi ndi njira yosiyanitsira zimene zili ndi umboni ndi zimene zangonenedwa. Kalasi imene imapereka mayankho okhaokha, osaphunzitsa njirayo, ikuphunzitsa katekisimu wa dzina lina.

Nkhani ya mango yomweyi ikanakwana phunziro la sabata yathunthu. Agogo sananame pa zimene anaona: zoonadi, nyengo ya mango ikafika, odwala malungo amayamba kuchuluka. Mphunzitsi waluso sangawaseke agogowo. Angafunse ana kuti china n'chiyani chimene chimabwera m'miyezi yomweyo. Ana angayankhe okha kuti ndi mvula, zithaphwi, udzudzu. Angawafunsenso ngati makanda oyamwa, amene sanalawepo bango, amadwala malungo, ndiponso ngati matendawa amapezeka mu Epulo mango atatha. Pofika Lachisanu anawo angakhale atazindikira kuti zinthu ziwiri zikhoza kubwerera pamodzi popanda china kubala chinzake. Makolo anazindikira kale zimenezi pamene anati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Akatero ndi pamene dzina la Ronald Ross, yemwe mu 1897 ku India anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu, lingakhale ndi tanthauzo kwa iwo.

Katswiri wa ku Britain, Stephen Toulmin, m'buku lake la mu 1958 lotchedwa The Uses of Argument, anasonyeza kuti mfundo yolimba imayima pa zinthu zingapo, ndipo zazikulu ndi zitatu: chimene munthu akunena, umboni umene ali nawo, ndi chifukwa chimene umboniwo ukuchirikizira zonenazo. Mchewa aliyense amene anakhalako pabwalo la milandu sangaone chachilendo pamenepa. Munthu akadandaula kuti mbuzi za mnzake zamudyera chimanga, amfumu ndi nduna zawo samangomvera. Amafunsa amene anaona, amafunsa ngati mapazi ali m'mundamo ndi a mbuzi, amafunsa chimene chikusonyeza kuti mbuzizo n'za uje osati za wina. Luso limeneli lilipo pansi pa mtengo wa kachere. Chodabwitsa n'chakuti limathera pakhomo la kalasi.

Ena amayankha kuti zonsezi n'zokoma pakamwa chabe, popeza sukulu zambiri zilibe labotale, zilibe zipangizo, ndipo mphunzitsi mmodzi amayang'anizana ndi ana odzaza chipinda mpaka pakhomo. Mavutowo ndi enieni, koma sakukhudza mtima wa nkhaniyi. Mu 1854 kolera itabuka m'dera la Soho mumzinda wa London n'kupha anthu oposa 500 m'masiku 10, madokotala ambiri ankakhulupirira kuti matendawa amayenda ndi mpweya wonunkha. John Snow sanawatsutse ndi makina. Anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene omwalirawo ankatunga madzi, ndipo anapeza kuti ambiri ankamwa a pa mjigo wa mumsewu wa Broad Street. Anafufuzanso zimene zinkaoneka ngati zikumutsutsa. Ogwira ntchito pamalo ofululira mowa pafupi ndi mjigowo sanafe, ndipo zinapezeka kuti sankamwa madzi ake. Mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndi Soho, anamwalira, ndipo zinadziwika kuti ankatumizidwa madzi a pa mjigo womwewo chifukwa ankawakonda. Zida za Snow zinali miyendo, mafunso, kuwerenga ndi mapu. Palibe sukulu ku Mchinji, ku Katete kapena ku Angónia imene ingati ilibe zimenezi. Nyemba zobzala m'zitini ziwiri, china padzuwa china mumdima, sizifuna thandizo la kunja. Misomali iwiri, wina m'madzi wina wopakidwa mafuta, sifuna magetsi. Chofunika ndi mphunzitsi amene, mbewu zikamera, sathamangira kulemba yankho pabolodi, koma amafunsa ana chimene chaoneka ndi chimene chikutanthauza.

Ena amaopa kuti mwana wophunzitsidwa kufunsa umboni adzakhala wamwano. Amakumbutsa kuti mawu a akuluakulu akoma akagonera. Koma akuluakulu omwewo anatinso safunsa anadya phula. Kutsutsa mfundo ndi kunyoza munthu n'zosiyana, ndipo kalasi ya sayansi ndiwo malo abwino ophunzirira kusiyana kwake. M'nkhani ya ku Soho ija munali mbusa wina, Henry Whitehead, amene poyamba sanakhulupirire Snow ndipo anayamba kufufuza ndi cholinga chomugwetsa. Umboni umene anasonkhanitsa unamutembenuza yekha, ndipo ndiye anapeza nyumba imene zonyansa zake zinkalowa m'chitsime cha mjigowo. Munthu wovomera kuti umboni wamugonjetsa ndi wodzichepetsa kuposa amene amangogwedeza mutu. Mphunzitsi amene amamva funso la mwana ngati chipongwe amaphunzitsa kalasi yonse kuti chitetezo chili m'kukhala chete.

Pali chopinga china chimene sichitchulidwa kawirikawiri, ndicho chilankhulo. Kuloweza kumatheka m'chilankhulo chilichonse, ngakhale chimene munthu sachimva. Kupanga mfundo kumafuna timawu tolumikiza maganizo: chifukwa, popeza, choncho, ngakhale, pokhapokha, zikanakhala kuti. Mwana wa zaka 10 wolankhula Chichewa kapena Chinyanja amatigwiritsa ntchito tonseti mosavuta akamakangana ndi anzake pa masewera. Amadziwanso kusiyana kwa "ndaona", "ndamva", "akuti" ndi "mwina", ndipo kusiyana kumeneku ndiwo muzu wa kayezedwe ka umboni. Mwana yemweyo akauzidwa kuti afotokoze m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi chimene angochiyamba, timawu tonseti timam'thawa. Chomwe amatsala nacho n'chiganizo cha m'buku, ndipo amachibweza momwe anachilandirira. Kenako akuluakulu amadandaula kuti ana a masiku ano saganiza.

Mayiko atatuwa ayenda njira zosiyana pa nkhaniyi. Ku Malawi, lamulo la maphunziro la mu 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 boma linalengeza kuti zimenezi ziyambire Sitandade 1. Chaka chomwecho cha 2014 Zambia inayamba kuphunzitsa m'zilankhulo za m'deralo, kuphatikizapo Chinyanja, kuyambira giredi 1 mpaka 4. Ku Mozambique, Chinyanja chinali chimodzi mwa zilankhulo ziwiri zimene anayesera pophunzitsa m'zilankhulo ziwiri pakati pa 1993 ndi 1997, m'chigawo cha Tete. Palibe akunena kuti Chingerezi kapena Chipwitikizi zitayidwe. Mwana adzazifuna ku yunivesite ndi ku ntchito. Koma palibe lamulo lanzeru limene lingaletse ana kukangana m'magulu m'chilankhulo chawo, n'kudzalemba mfundo yawo m'chilankhulo cha mayeso itapsa kale. Aphunzitsi ambiri amachita zimenezi mobisa, ngati akuba. Ayenera kuchita poyera, ataphunzitsidwa ku koleji mmene angachitire bwino.

Mabungwe a mayeso, MANEB ku Malawi ndi ECZ ku Zambia, ali ndi mphamvu yoposa ya silabasi iliyonse, chifukwa mphunzitsi amaphunzitsa chimene chidzafunsidwe. Funso loti mwana atchule kapena alembe mndandanda limabala oloweza. Funso lopatsa mwana ziwerengero ndi mafotokozedwe awiri opikisana, n'kumuuza kuti asankhe limodzi ndi kuliteteza, limakakamiza kalasi kusintha. Malikisi ambiri akapita ku mafunso a mtundu wachiwiriwu, aphunzitsi sadzafunikanso kunyengereredwa.

Mtengo wa kusachita zimenezi suwerengedwa m'malikisi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre, ndipo anthu angapo anaphedwa ndi magulu olusa popanda aliyense kusonyeza dontho limodzi la magazi opopedwa. Apo n'kuti patapita zaka 23 chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, choncho sizinganenedwe kuti sukulu inali isanafike kumeneko. Mu 2022 ndi 2023 kolera inapha anthu oposa 1,700 ku Malawi, ndipo kumayambiriro kwa 2024 bwalo la masewera la Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala cha matenda omwewo. M'nyengo zoterezi uthenga wa achipatala umapikisana ndi mauthenga a pa WhatsApp oyamba ndi mawu oti "akuti". Munthu amene sukulu inamuzoloweza kulandira mawu malinga ndi mphamvu ya wowanena alibe chosankhira pakati pa awiriwo, kupatula amene walankhula mokweza.

Chimene chikupemphedwa kwa mphunzitsi wa sayansi n'chaching'ono ndipo chingayambe Lolemba likubwerali. Mwana akapereka yankho, lolondola kapena lolakwika, afunsidwe kuti akudziwa bwanji. Mnzake aloledwe kunena ngati umboniwo wamukhutiritsa. Ndipo tsiku limene mwana adzabweze funso lomwelo kwa mphunzitsi wake, mphunzitsiyo asatole ndodo, chifukwa phunziro lake lidzakhala litamveka.