Seva yathuyathu, bwanji osayesa?

Anzanga, tikamva mawu oti seva timaganiza za chimakina chachikulu cha ku America. Ayi ndithu. Seva ndi pulogalamu chabe yomwe imadikira pempho lochokera ku foni kapena kompyuta ina, n'kuyankha potumiza tsamba. Olo laputopu yakale ingathe ntchitoyi.

Maganizo anga ndi akuti ife a Mikolongwe tiphunzire PHP. Chinenero cha makompyutachi anachitulutsa Rasmus Lerdorf mu 1995. Facebook yomwe imatithera mabandulo ija inayamba kulembedwa mu PHP mu 2004, ndipo Wikipedia ikuyenderabe chomwechi mpaka lero.

Chokoma n'choti kuyambira 2012 PHP imabwera ndi kaseva kake mkati. Ukalemba php -S 0.0.0.0:8000 basi, aliyense amene walumikizidwa pa Wi-Fi imodzi ndi laputopuyo akhoza kutsegula tsamba lako popanda intaneti. Tangoganizani: mapepala akale a MSCE, manotsi a Biology ndi mafunso odziyesa, zonse pamalo amodzi, osagula bandulo. Buku limodzi lomwe timalimbirana anthu khumi lija lingapumeko.

Ena ati magetsi amavuta. Zoona, koma laputopu ili ndi batire. Ena ati kasevaka kamayankha pempho limodzi pa nthawi. Eya, n'kophunzirira, ndipo tikakazolowera tidzalemba seva yathu.

A hedi ndi aphunzitsi athu, tikupempha laputopu imodzi ndi ola limodzi Lachisanu tikaweruka. Anzanga a Fomu 3, mukubwera kapena muzingodina za eni ake mpaka kalekale?