Chiwondo sachidziwa ndi maso okha

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga, ndili ndi mlandu ndi mawu amodzi amene amalamulira nyumba zosungiramo zinthu zakale: OSAGWIRA.

Kwa mwana wosaona, mawu amenewa akutanthauza kuti bwerera kwanu. Mumutengere ku Chichiri, ku Blantyre, kapena ku Karonga, ngati zonse zili kuseri kwa galasi, iye wayendera galasi basi. Za mbiri ya Malawi wangomva pakamwa pa mnzake, zomwe akanamva ali khale pa khonde kuno kwa Mwambo osalipira basi.

Nanga nsalu n'chinthu choonera patali? Amayi pa msika wa Jali sagula chitenje asanachitikite ndi zala. Chiwondo chimene makolo athu ankavala ndi khungwa la mombo lomenyedwa mpaka kufewa, ndipo luso lonse lagona pa kufewako. Ngakhale David Livingstone, amene anafika ku nyanja yathu ya Chilwa mu 1859, atapeza Amang'anja akupota ndi kuluka thonje m'midzi, anasiyanitsa thonje lakwathu ndi lakunja poligwira. Analemba kuti lakwathulo m'manja limamveka ngati ubweya wa nkhosa. Mlendo analoledwa kugwira. Mdzukulu wa olukawo tikumuuza kuti manja kumbuyo.

Osunga zinthuzi amayankha kuti thukuta ndi mafuta a m'manja zimaononga nsalu yakale. N'zoona, sindikutsutsa. Chiwondo cha zaka 100 chikagwiridwa ndi makalasi khumi chitha n'kukhala sanza. Koma ndani wanena kuti tigwire chakalecho? Chikhale m'galasi momwemo. Pambali pake paikidwe china chatsopano, chopangidwa mwa njira yomweyo, ndi kachikwangwani ka zilembo za Braille. Chikatha, apangitse china. Ku Victoria and Albert Museum ku London amaika zinthu zoti anthu azigwira, ndipo nyumbayo sinagwe.

Za ndalama musandiuze. Khungwa, thonje ndi mlaza sitiitanitsa ku Ulaya. Oluka mikeka, mphasa ndi miono ali mbwee m'mbali mwa Chilwa muno, ndipo kuwagula ntchito yotere kungawapatse ya sopo. Odziwa Braille amaphunzitsidwa ku Montfort, ku Nguludi, pafupi pomwepa. Lamulo loteteza anthu a ulumali tinalikhazikitsa mu 2012, lina n'kubwera mu 2024. Chikusowa n'chiyani?

Ifenso aphunzitsi tisaloze chala ku Blantyre kokha. Timaphunzitsa mbiri ndi choko, mwana wosaona ali phee kumbuyo, kuloweza mawu a zinthu zimene sanazikhudzepo. Teremu ikubwerayi, kalasi langa likafunsa agogo m'midzi amene akukumbukira kamenyedwe ka chiwondo, tipange chathu, chiyende dzanja ndi dzanja. Oona adzatsinzine kaye.