Mpamba Umene Sitiuwerengera

Ndemanga yathu lero ikukamba za kuthamanga kwa magazi, matenda amene ambirife timangoti BP, ndi momwe akugwetsera mapulani a mabanja.

Mukamayenda ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi, mumaona nyumba zambiri zimene zinaima zitafika pa mawindo, udzu utamera m'zipinda. Zambiri zinaima chifukwa simenti inakwera mtengo. Koma pali imodzi imene ndikuidziwa bwino, ndipo inaima pa chifukwa china. Mwini wake anali telala wa zaka za m'ma 40. Njerwa anaumba yekha n'kuwotcha. Malata ankagula pang'onopang'ono, awiri mwezi uno, atatu mwezi winawo, n'kumawatsamiritsa kukhoma la kuchipinda. M'mawa wina akulowetsa ulusi pa singano, mkono wamanja unangolefuka, pakamwa n'kupotoka, mawu osatuluka. Kuchipatala anati ndi sitiroko, ndipo gwero lake linali BP imene inakhala ikukwera kwa zaka iye osadziwa. Anapulumuka, koma mwendo wopondera makina sunabwerere mwakale. Malata aja anapita limodzilimodzi kuti papezeke ndalama zoyendera kuchipatala. Mwana wamkazi wa Fomu 3 anasiya sukulu kuti azikhala ndi bambo ake mayi akapita kumsika. Makina osokera ali pakona mpaka lero, ofundidwa chitenje.

Bamboyu sanali wosasamala. Anali ndi kope limene ankalembamo zonse: mtengo wa thumba la simenti, fizi ya ana, ngongole za makasitomala, tsiku logawana ndalama ku banki m'khonde. Chinthu chimodzi chokha sichinalembedwe m'kopemo, thupi limene linkagwira ntchito yobweretsa ndalamazo. Timanena pafupipafupi kuti moyo ndi mpamba. Wogulitsa tomato amawerenga mpamba wake madzulo alionse. Nanga mpamba uwu tinauwerengera liti komaliza?

M'chaka cha 2009, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la World Health Organization unachita kafukufuku m'dziko lonse lino pakati pa anthu a zaka 25 mpaka 64. Anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mwa anthu odwalawo, oposa 9 mwa 10 alionse sankadziwa kuti ali ndi vutoli. Kafukufuku yemweyo anasonyeza kuti vutoli lili kumudzi ndi m'tauni momwe. Choncho maganizo akuti BP ndi matenda a mabwana a mimba zazikulu tiwataye. Mlimi wowonda wa ku Ntchisi akhoza kukhala nayo, chimodzimodzi mnyamata wa kabaza ku Dedza.

Tiyang'anitsitse zaka zimenezo, 25 mpaka 64. Ndi zaka zimene munthu amamanga nyumba, kuphunzitsa ana, kukuza bizinesi, kusamalira makolo okalamba ndi ana amasiye a achibale. Munthu wa msinkhu umenewu akagwa, amagwa ndi anthu asanu, asanu ndi atatu, amene ankadya kuchokera m'manja mwake.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti BP simapweteka. Malungo amakugoneka pamphasa tsiku lomwelo, ndipo palibe amene amakukakamiza kupita kuchipatala. BP imakulola kulima, kusoka, kuyendetsa minibasi, uku ikuumitsa mitsempha ya magazi, ikutopetsa mtima ndi kuwononga impso mwakachetechete. Taganizirani paipi imene madzi akudutsamo ndi mphamvu yopitirira muyezo usana ndi usiku. Tsiku lina imaphulika pamene pali pofooka. Mtsempha ukaphulika kapena kutsekeka mu ubongo, ndiye sitiroko ija. Impso zikalephera, munthu amafunika makina otsuka magazi, amene anthu amawatsatira kuzipatala zazikulu za boma monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, kangapo pa sabata. Kwa munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje, ulendo umenewo wokha ndi wotha kumaliza chuma chonse cha pakhomo.

Ndipo chifukwa munthu amagwa mwadzidzidzi, dzulo lake ali bwinobwino, pamudzi pamabuka mawu akuti amulodza, ena amuchitira nsanje chifukwa cha nyumba ija. Abale amadana, agogo osalakwa amalozedwa zala, ndipo maola amene akanapulumutsa wodwalayo amathera pa kufunsira. Mukaona munthu nkhope yapotoka, mkono walefuka, kapena akulephera kulankhula, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Zokambirana zina zibwere pambuyo.

Kuyezetsa BP sikufuna singano, sikufuna kutenga magazi. Amakumangani kansalu pamkono, kamafufuma, ndipo pasanathe mphindi zisanu manambala awiri aoneka. Ngati mobwerezabwereza akufika 140 pa 90 kapena kupitirira, ndiye kuti BP yakwera. Amayi ambiri kansalu kameneka amakadziwa, popeza amayezedwa kusikelo akakhala oyembekezera. Abambo ndiye vuto. Alipo ambiri amene afika zaka 50 asanayezedwepo, chifukwa tinakula tikumva kuti mwamuna amapita kuchipatala pokhapokha atanyamulidwa. Abambo anzanga, ulemu umene tikuuteteza pokana kukaima pamzerewo ndi umene umadzatha tsiku limene mwana wathu ayamba kutisambitsa.

Amalawi tili ndi phunziro limene tinaliphunzira ndi misozi. Boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004, tinkaika m'manda aphunzitsi, anamwino, asilikali ndi alimi pafupifupi tsiku lililonse, ndipo mashopu a mabokosi a maliro ankachulukana m'misewu. Mankhwala atabwera, anthu amene anali atalembedwa m'madzi anadzuka n'kubwerera kuntchito. Ana amene akanakhala amasiye anaperekezedwa ndi makolo awo ku Chancellor College ndi ku Bunda. Tinaphunzira kuti munthu akhoza kumwa piritsi tsiku ndi tsiku, kwa moyo wake wonse, n'kukwaniritsa zimene analota. BP imafuna khama lomwelo. Mankhwala monga hydrochlorothiazide ndi amlodipine sachiza kotheratu, amangoigwira kuti isakwere. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kusiya kumwa akangomva bwino, kapena kusinthanitsa mankhwalawo ndi adyo ndi mandimu chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp. Adyo ndi wabwino m'ndiwo, koma salowa m'malo mwa mankhwala amene adokotala akupatsani.

Za kukhitchini nazo tizinene. Akatswiri amati munthu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza umene uli kale m'zakudya. Ife timathira mumphika, kenako mbale ikafika pamphasa timathiranso tisanalawe. Onjezerani tchipisi ndi kanyenya zothira mchere wodzaza dzanja, mowa ndi fodya. Kuchotsa mchere patebulo sikufuna ndalama iliyonse.

Komabe sitingasenzetse mtolo wonse munthu wamba. N'zokhumudwitsa munthu kuyenda makilomita khumi, n'kukauzidwa kuti makina oyezera alibe mabatire, kapena kuti mankhwala atha akagule yekha. Amene amagawa ndalama za boma adziwe kuti mabatire ndi mapiritsi a mwezi umodzi n'zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi bedi la wodwala sitiroko, ndiponso ndi msonkho umene dziko limataya munthu wogwira ntchito akagona.

Nafenso m'magulu mwathu tingayambepo. Mipingo ndi mizikiti ili ndi anamwino pakati pa mamembala ake. Magulu a banki m'khonde amakumana sabata iliyonse, ndipo akhoza kusonkherana n'kugula makina amodzi oyezera, n'kupempha mlangizi wa zaumoyo kuti awaphunzitse kagwiritsidwe kake. Pa 17 Meyi chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira matendawa, koma chipatala chapafupi ndi inu chitsegulanso mawa m'mawa. Mukapita, tengani kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo mupemphe kuti manambala awiri aja akulembereni momwemo, pamodzi ndi tsiku loti mudzabwerenso.