Magazi Saiwala

Pali chizolowezi china pakati pa makolo athu odwala matenda a shuga chimene chimandidetsa nkhawa. Tsiku la kuchipatala likayandikira, amayi amasiya shuga m'tiyi, amachepetsa mitanda ya nsima, thobwa salikhudza n'komwe. Akabayidwa chala m'mawa mwake, kamakina kamaonetsa nambala yokongola, anamwino amawayamikira, ndipo pofika madzulo zonse zabwerera mwakale. Anamwino sataya kanthu pamenepa. Zimene zimalipira ngongoleyo mwakachetechete ndi impso, maso ndi mitsempha ya kumapazi.

Sindikunyoza kuyeza kwa tsiku limodzi. Munthu akakhala maola 8 osadya, shuga wa m'magazi mwake n'kufika 7.0 mmol/L kapena kupitirira (makina ena amalemba 126 mg/dL), ndipo zikabwerezeka tsiku lina, madokotala amatsimikiza kuti matendawa alipo. Koma nambala yotere imangonena za m'mawa umenewo.

Kulinso kuyeza kwina kotchedwa HbA1c, komwe bungwe la WHO linavomereza mu 2011 kuti kungathandize kupeza matendawa. Shuga amakakamira pa hemoglobin, chinthu chofiiritsa magazi, ndipo maselo ofiira amakhala masiku pafupifupi 120 asanafe. Motero zotsatira zake zimaulula mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Kudzimana kwa masiku awiri sikungafufute mbiri imeneyi. Zikafika pa 6.5% zimaloza matenda a shuga. Odwala ambiri amene ali pa mankhwala amalangizidwa kukhala pansi pa 7%. Kuyezaku kumatha kusokonezeka mwa munthu wochepa magazi, wa sickle cell, woyembekezera kapena wongolandira kumene magazi, ndiye dokotala ayenera kuuzidwa zimenezi. Vuto lina n'lakuti sikupezeka m'zipatala zonse, ndipo m'zipatala zolipira kumafuna ndalama ndithu.

Inu ndinu amene mumaperekeza agogo ndi kuwawerengera zolembedwa m'buku la kuchipatala. Alimbikitseni kuti sabata ya sikelo adye monga amadyera masiku onse, kupatula kusala kumene dokotala walamula, ndipo mufunse ngati HbA1c ingatheke. Wina akauzidwa pa mapemphero kuti wachira, asataye mankhwala: ayambe wakayezetsa, ndipo zotsatirazo akazionetse kwa dokotala amene amamuthandiza.