M'munda wa lendi sabzalamo mango

Lero za feteleza ndapumako kaye. Ndikufuna tikambirane za bwalo lina la pa intaneti lomwe linkatchedwa Twitter, lija la kambalame kabuluu. Ndikudziwa ena mwayamba kale kunena kuti aaa, madala awa ayamba za Azungu, ife zikutikhudza pati? Werengani kaye mpaka kumunsi, bandulo yake siyambiri.

Twitter inayamba mu 2006 ku San Francisco, ku America. Munthu ankalemba mawu ochepa, zilembo 140 basi, dziko lonse n'kuona. Atolankhani, andale, madokotala, a zanyengo, ngakhale mapulezidenti ankakumana pamenepo. Kumudzi kuno sitinkapitako ambiri, ine nkhaniyi ndakhala ndikuitsatira pa wailesi ndiponso kwa mwana wa achemwali anga amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Koma inu a m'tauni mukudziwa kuti nkhani zambiri zinkayamba kuphulika kumeneko, kenako n'kufika pa wailesi, ife n'kumazimva madzulo.

Tsono funso langa ndi ili: amene anakometsa bwalolo ndani? Kampani inangomanga mpanda ndi kuika chipata. Nthabwala, maliro, mikangano, machenjezo a mvula yoopsa, zonsezo ankabweretsa ndi anthu wamba, osalipidwa ngakhale tambala. Ndi kachizindikiro kaja ka # kamene achinyamata amaika patsogolo pa mawu, anayambitsa pa bwalolo ndi munthu wongogwiritsa ntchito, Chris Messina, mu 2007, sanali wa kampaniyo ayi. Ndiye kuti anaswa mphanje ndi anthu, kuzula zitsa ndi anthu, kuthira manyowa ndi anthu. Kampani inkadyera pa otsatsa malonda. Pa madola 10 alionse amene inkapeza, pafupifupi 9 ankachokera kwa otsatsa, amene ankalipira kuti katundu wawo aonedwe ndi khamu lija. Chimene chinkagulitsidwa pamenepo ndi maso a anthu.

Mu Okutobala 2022, Elon Musk, mkulu wolemera uja wobadwira ku Pretoria ku South Africa, anagula Twitter pa madola 44 biliyoni. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ife alimi ngongole timaidziwa kuposa wina aliyense. Pa ndalamazo, pafupifupi 13 biliyoni inali ngongole ya kumabanki, ndipo ngongoleyo inasenzetsedwa kampani yomwe yagulidwayo. Chiwongoladzanja chokha chinkaposa 1 biliyoni pa chaka. Kampani yake inali yoti pa moyo wake wonse inapezapo phindu zaka ziwiri zokha, 2018 ndi 2019. Taganizani munthu wagula esiteti pa katapila, ndiye katapilayo akuti abweze ndi fodya wa m'munda momwemo. Amene amve kuwawa ndani? Si matenanti?

Sabata imodzi yokha itadutsa, pafupifupi theka la antchito 7,500 anauzidwa kuti ntchito yatha. Ena mwa iwo ndi amene ankapalira bwalolo, kuchotsa mabodza, zotukwana ndi akuba. Ofesi imodzi yokha imene kampaniyi inali nayo mu Africa, ya ku Accra ku Ghana, inali itangotsegula zitseko masiku ochepa, antchito ake pafupifupi onse n'kuchotsedwa. Ndalama zawo zosiyira ntchito anazidikira kupitirira chaka. Zimenezi zinandiwawa, sindibisa. Ikavuta ndalama, nthambi yoyamba kudulidwa imakhala ya kwathu kuno.

Koma chimene chinaononga kwambiri, mmene ndikuonera ine, ndi nkhani ya kachizindikiro kabuluu kochonga. Kale kanali ngati chidindo cha amfumu pa kalata. Ukakaona pa dzina unkadziwa kuti uyu ndi nduna yeniyeni, iyi ndi wailesi yeniyeni, afufuzidwa. Mwini watsopano anati chidindo chija aliyense agule, madola 8 pa mwezi. Eee! Masiku ochepa okha, wina anagula chidindo n'kudzitcha Eli Lilly, kampani yaikulu ya mankhwala ya ku America, n'kulengeza kuti insulin, mankhwala aja a matenda a shuga, tsopano ndi aulere. Linali bodza. Anthu ambirimbiri anagawana uthengawo. Tayerekezani amfumu athu atayamba kugulitsa chidindo pa msika, aliyense wa ndalama azidinda kalata ya malo. Mudzi ungatsale?

Sizinathere pomwepo. Olipira aja mayankho awo anayamba kuikidwa pamwamba, osalipira pansi. Pa bwalo la milandu ndiye kuti woyamba kuyankhula ndi amene wabwera ndi nkhuku, wanzeru wopanda nkhuku adikire dzuwa lilowe. Mu 2023 anayambanso kugawira ndalama olemba amene zolemba zawo zikukoka anthu ambiri. Nanga chimakoka anthu msanga n'chiyani, malangizo a kasungidwe ka chimanga kapena ndewu? Tonse tikudziwa kumene anthu amathamangira pa msika kukamveka phokoso.

Otsatsa malonda aja ataona matope achuluka anayamba kuchoka, sankafuna katundu wawo aoneke pambali pa zotukwana. Mu Julayi 2023 Musk mwini wake analemba kuti ndalama za otsatsa zatsika ndi pafupifupi theka. Mwezi womwewo kambalame kanachotsedwa, dzina n'kukhala X. Anthu ena anasamukira ku Threads, ena ku Bluesky, ena ku Mastodon. Koma kusamuka kwake n'komvetsa chisoni. Munthu amene anasonkhanitsa omutsatira kwa zaka khumi sakanatha kuwanyamula pa ngolo. Anachoka ndi zovala za m'thupi, kukayambiranso pa ziro.

Ndinene chilungamo, pakuti ena a inu mundiyankha pansipa. X sinafe. Anthu akadalipo ambiri, andale akulembabe, ena akuti panopa ndiye pakoma chifukwa munthu umanena za kukhosi osatsekedwa pakamwa, ndipo Musk ankanena kuti anagulira zimenezo. Enanso muti munthu wagula ndi ndalama zake, achite zimene akufuna, vuto lili pati? Pa malamulo mukunena zoona. Ngakhale eni ake akale sanali angelo, nawonso ankagulitsa maso omwewo, ndipo mtengo utakoma anagulitsa bwalo ndi anthu ake omwe osafunsa aliyense. Ndiye mfundo yanga ili pomwepo. Anthu mamiliyoni ankati bwalo lathu, bwalo lathu, koma tsiku logulitsa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaitanidwa kudzakweza mkono.

Amene munakhalako pa maesiteti a fodya ku Kasungu kapena ku Mchinji mukudziwa moyo umenewu. Umamanga nyumba, ana amabadwira pomwepo, umadziwa mtengo uliwonse, mpaka umayamba kunena kuti kwathu. Tsiku lina bwana wasintha, watsopano wabwera ndi sikelo yake. Boma linaletsa utenanti m'malamulo mu 2021, koma ndikuona ngati utenanti wina tikuulowa tokha ndi mafoni m'manja, tikumwetulira. Inu amene munali ku Joni kale mukukumbukira Mxit, momwe achinyamata a kumeneko ankachezera usiku wonse pa timafoni ta mabatani. Inatsekedwa mu 2016. Zonse zimene analemberana zili kuti lero?

Tsopano ndibwere pakhomo. Pano pamene mukuwerengapa, pa Facebook, palinso mwini wake. WhatsApp ndi ya mwini yemweyo, Mark Zuckerberg ndi kampani yake ya Meta, anaigula mu 2014 pa madola pafupifupi 19 biliyoni. Pa 4 Okutobala 2021 zonse ziwiri zinazima pamodzi dziko lonse kwa maola pafupifupi 6. Zinabwerera, inde. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Taonani zimene taika pa mabwalo amenewa ife a mudzi uno. Uthenga wa maliro tsopano umayenda pa gulupu, mnyamata wa njinga uja tinamupumitsa. Mitengo ya soya ndi mtedza timauzana pomwepo kuti mavenda asatibere. Amayi a banki m'khonde ena akumajambula tsamba la ngongole n'kuponya pa gulupu, kope lenileni likudyedwa ndi chiswe. Zopereka za mjigo, mndandanda wa amene asonkha ndi amene sanasonkhe, uli pa foni. Zithunzi za malemu athu, zina palibenso pena pamene zili koma pano. Ndipo choopsa kwambiri, ambiri a ife nambala ya mwana wathu weniweni sitiidziwa pamtima, timangodina pa chithunzi chake.

Sindikunena kuti tichokepo ayi. Ine ndemwe ndikulemba pano, ndipo mbuzi ziwiri ndinagulitsira pano chaka chatha pa mtengo wabwino. Munda wa lendi timalima ndithu, chimanga chimabereka, timadya. Koma ndani wa inu anabzalapo mango m'munda wa lendi? Ndani anaikapo manda? Timalimamo za nyengo imodzi, tikakolola n'kututira ku nkhokwe ya pakhomo. Macheza, nthabwala, malonda a lero, zimenezo zikhale pano. Koma zimene mudzi sungayende popanda izo zikhale ndi pena pogona pomwe mwini wake ndi ife.

Inu a m'tauni ndinu amene ndikukudandaulirani kwambiri, chifukwa chingwe chokha chimene chatsala pakati pa inu ndi kuno ndi gulupu imeneyi. Itati yazima sabata yathunthu, kuno kwagwa zovuta, tikupezani bwanji? Ena munasamuka nyumba kawiri, ife tikudziwabe ya ku Kawale pamene inu muli ku Area 25.

Ndayankhula ndi alembi a komiti ya chitukuko, agwirizana nazo. Ndagula kope lachikuto cholimba, la masamba ambiri, lizikhala kwa iwowo. Banja lililonse lilembetse manambala awiri, ya mwini ndi ya woyandikana naye nyumba, ndi dera limene mukukhala. Musalembe manambala pansipa poyera, akuba ndi ambiri, munditumizire kumbali kapena mupatse aliyense wobwera kumudzi. Amayi a banki m'khonde, kope lanu lija liuleni m'thumba la pulasitiki, muzilembamo kaye musanajambule. Zithunzi za makolo, amene muli pafupi ndi studio tsukitsani ngakhale ziwiri mubwere nazo pa Khirisimasi. Loweruka tikamaliza kukonza mlatho wa kudambo, kopelo ndibwera nalo pansi pa mkuyu, aliyense abwere ndi manambala a ana ake atalemba pa pepala.