Kuwerenga mitu madzulo si kuweta ng'ombe

Anzanga a m'mudzi muno, ndi inu abale a m'tauni amene munasiya ng'ombe zanu m'makola mwathu, ndiloleni ndilankhuleko.

Chikololereni chimanga, ng'ombe tinazitayirira kuti zizidya mapesi. Palibe cholakwika, ndi mmene timachitira chaka ndi chaka. Koma Okutobala uno dzuwa lafika poipa, mapesi atha, tchire nalo osaka mbewa atentha. Ife tangokhala pansi pa mango, madzulo n'kuwerenga mitu pakhomo la khola, basi kukagona. Ayi, kumeneko si kuweta.

Ine ndinaphunzira ndi misozi. Chaka chatha thadzi langa la bere linapita kudambo kukafuna madzi. Madzi anali ataphwa, kwangotsala matope. Linatitimira mpaka m'mimba. Madzulo mwana anati zakwana, ine osadzuka kukaona. Tinalipeza mawa lake masana litatheratu mphamvu. Tinalikoka ndi zingwe amuna asanu, koma silinaimenso. Ndinataya ziwiri tsiku limodzi, mayi ndi mwana wam'mimba. Nyama ndinagulitsa pangongole, ena mpaka lero sanandipatse.

Chichokereni pamenepo, dzuwa likafika pamutu ndimapita ndekha kumene zikudya. Ng'ombe yabwinobwino ikagona pamthunzi imabzikula. Mukaona ina yaima payokha, mutu pansi, ikupuma mwawefuwefu, dovu lili chuchuchu, musadikire mawa. Itengereni pamthunzi, imwe madzi, muitane alangizi a ziweto. Onaninso m'makutu ndi kunsi kwa mchira, nkhupakupa zimabisala mmenemo. Majumbo amene timataya pamsika tizitola, chifukwa ng'ombe yanjala imameza, sagayika, imangoonda ife n'kumati yalodzedwa.

Za madzi tisanamizane. Ng'ombe yaikulu kukatentha chonchi imamwa malita 40 kapena kuposa pa tsiku, ndowa ziwiri zazikulu zija. Kumwetsa kamodzi sikokwanira.

Inu a m'tauni, mukaimba foni funso lanu ndi limodzi: zilipo zingati? Muzifunsanso kuti zikumwa kuti, zinasambitsidwa liti mankhwala. Tumizaniko ya mankhwala a nkhupakupa ndi mchere. Ikafa musadzati tadya.

Ndipo ukaona ng'ombe ya mnzako ili pamavuto, usati si yanga. Thamanga ukamuuze. Langa lija, wina akanandiuza madzulo omwewo, bwenzi lero ndikukama.

Chizimalupsa chisanagwe, tiyeni tiziyenda, abale. Nsapato zikatha tigula zina.